Mkazi Mnzake wa ku Bulawayo

Ku Usisya sitima sifika pamchenga. Imaima kutali pamadzi akuya, ndipo wokwera ndi wotsika yemwe amapereka moyo wake kwa bwato ndi kwa mwini nkhafi. Ana a masiku ano amalumphira m'mabwato amenewa ngati akukwera pakhonde la amayi awo. Musamatero. Bwato ndi mtengo wakufa, chisoni ulibe.

Asilikali atangobwerako ku nkhondo yachiwiri ya azungu, pamudzi pamenepo panali mayi wina dzina lake Gertrude, koma aliyense ankamutcha NyaManda. Ntchito yake inali yogulitsa chakudya m'mbali mwa sitima. Lipenga likangolira kuseri kwa phiri, iye ankasenza dengu la kondowole, nsima ya chinangwa ija, wokulunga m'masamba a nthochi, utaka wowamba, chinangwa chophika ndi mitanda ya nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja, n'kutsikira kudoko kumene mlongo wake Rodgers ankamudikira ndi bwato. Akafika pansi pa chimphona chachitsulocho, anthu apaulendo atasuzumira pamwamba kukamwa yasa ngati ana a mbalame, NyaManda ankamangirira kadengu kunsonga ya nsungwi yaitali n'kukweza. Chakudya chinkakwera, khobidi linkatsika.

Ndi nsungwi imeneyo analera mwana wake Chrissy, anadyetsa apongozi ake, anafolera nyumba. Mwamuna wake Killion Mhone anapita ku Bulawayo kukagwira ntchito mu hotela Chrissy ali kumsana, ndipo pofika nthawi imeneyi Chrissy anali atakwatiwa ku Ruarwe, nayenso ali ndi wake kumsana. Anthu ankati Killion anatchona. Amuna ena anayesa kufunsira, NyaManda anawabweza onse, amvekere mwini nyumba ali panjira.

Tsiku lina anakweza nsungwi monga mwa masiku onse, ndipo dzanja limene linalandira kondowole kumwambako linali ndi wotchi. Mwini dzanjalo anaweramira pansi n'kuitana dzina lake. Anali Killion, atanenepa, chipewa chili pamutu. NyaManda anakweza maso mwachimwemwe. Koma asanayankhe n'komwe anaona kuti kumbuyo kwa mwamunayo kwaima mkazi wamtali, wosalala khungu, atanyamula jekete la Killion pamkono. Jekete la mwamuna sanyamula mlendo. NyaManda anadziwa pomwepo, mafunde akuwombera bwato.

Mkaziyo anali Mary, wa mtundu wa Andebele, ndipo kwawo ankamutcha MaDube. Akulu a mpingo anamuimitsa Killion pa mgonero chifukwa cha mitala, iye sanadandaule. Anamumangira MaDube nyumba ya chitseko cha matabwa. Kwa NyaManda anapereka bulangete. Linali bulangete labwino, lolemera, koma tsiku lotsatira anapeza apongozi ake, a NyaLongwe, atafunda lina lofanana nalo, mtundu umodzi, mizere imodzi. Apo m'pamene anamvetsa gulu limene mwamuna wake wamuika: gulu la okalamba ofunika kufunditsa.

Amayi a m'mudzi anabwera kudzaona mlendo, ndipo a NyaLongwe anamufunsa kuti dziko lino waliona bwanji. MaDube Chitonga sankachidziwa, koma Chinyanja anachitola kwa anthu akwathu kuno a m'makomboni a ku Bulawayo, ndiye anayankha mosabisa kanthu. Anati anthu ndi abwino, kungoti moni wawo ndi wautali, munthu ukayamba kulonjerana ndi mnzako madzi amaphwera mumphika. Anati anadabwa kuona nyumba zosakhoma ndi ana akudya paliponse pamene apeza mbale. Koma bwato, iye anati, kwawo chinthu chotere amadyetseramo nkhumba. Kondowole akununkha ngati nsalu yoiwalika m'madzi. Nsomba zogulitsa kusitima zili poyera, ntchentche zikuchitirapo msonkhano.

"Ndipo ndamva kuti mumadya udzudzu," anatero, akuyang'ana uku ndi uku. "Kapena a Mhone amandinamiza?"

Amayi ena anaseka mpaka kugwirana mapewa, ena anakwinya pamphuno. NyaManda sanaseke. Mawu aliwonse anawatola n'kuwasunga ngati mbewu. Mkazi woopa bwato, wonyansidwa ndi kondowole, sangathe dzinja ku Usisya. Chofunika n'kungomuthandiza kuti akwere msanga sitima yobwerera kwawo, Killion atsale m'nyumba imene anaisiya.

Azakhali ake anamunong'oneza za munthu wina wa kuphiri wodziwa mizu yodanitsa. NyaManda anakana, ndipo anachita bwino, pakuti mankhwala oipitsa mnzako sakalamba, amadikira mdzukulu wako. Iye anali ndi njira ina yopanda tchimo. Mwambo wa pamudzipo unali woti mkazi wobwera amaperekedwa m'manja mwa wamkulu kuti amuonetse potunga madzi, posamba, poviika chinangwa ndi munda wake. A NyaLongwe anamupereka MaDube kwa NyaManda pamaso pa anthu. Ndiye NyaManda anati mumtima mwake: ndimuonetsa zonse, osasiyako ngakhale chimodzi, ndipo bodza sindinena.

Sukulu yakeyo inkachitikira kuseri kwa mpanda wa bango, pamene ankasenda chinangwa choviika n'kuchiyanika pathandala. NyaManda ankayankhula mokweza ndiponso pang'onopang'ono kuti Chinyanja chilowe bwino. Anayamba ndi chinangwa chomwecho. Anamuonetsa chokoma ndi chowawa, mmene masamba ake amafanira, n'kumuuza za banja lina la kutsidya kwa mtsinje limene chaka cha njala linavuula chinangwa chowawa chisanafewe. Anadya masana, dzuwa lisanapendeke ana anayamba kuzungulira ngati nkhuku zodwala chitopa, thovu kukamwa, ndipo mawa lake anawaika m'dzenje limodzi. Anati ngakhale wodziwa amaphonya, chifukwa ululu wake suoneka ndi maso, munthu umangozindikira miyendo itakana.

Tsiku lina anamuuza za ng'ona ya pamathiriro a mtsinje, imene imaloweza nthawi imene mkazi amabwera kudzavuula chinangwa, n'kumudikira pamalo omwewo. Tsiku lina za kamwazi amene amayenda ndi ntchentche nyengo ya mango. Tsiku linanso za mwera, mmene umadzukira nyanja ili phee, ndi za bwato limene linakokedwa kumbuyo kwa sitima kumene chitsulo chimazungulira, anthu n'kutola nkhafi yokha. Zonsezi n'zoona, ndipo inunso muzisunge.

Za nkhungu anazisungira pomaliza. Anamulozera kutali panyanja kumene kunaima chinthu ngati utsi wa tchire likupsa, nati si utsi umenewo, ndi tizilombo timene iye amati udzudzu. Mtambo umenewo ukakupeza uli m'bwato umakulowa m'mphuno, m'kamwa, m'makutu, ukati upume umameza, ukati ukuwe umatsamwa. Anatchula asodzi awiri a makedzana amene bwato lawo linabwera lokha kumtunda, iwo ali gone m'katimo, m'kamwa mwadzaza bii.

MaDube ankamvetsera maso ali tong'o, ndipo NyaManda ankagona mokoma. Chimene sanachiganizire n'chakuti bango silitseka mawu. Kutsogolo kwa mpanda womwewo, pansi pa mtengo wa mango, Killion ankakhala pampando wake wa ndalema, chipewa chili pankhope ngati wagona.

Sitima inabwera n'kupita, MaDube sanamange katundu. M'malo mwake anayamba kufunsa mafunso. Chinangwa chofewa bwino chimamveka bwanji m'manja? Ng'ona ikaloweza nthawi, bwanji osasinthasintha nthawiyo? Mwera usanadzuke, palibe chizindikiro? NyaManda, poti anali atalumbira kuti bodza sanena, ankayankha, mano ali gwa. Mmawa wina anamupeza mlendoyo atatsina chinangwa, n'kuchinunkhiza, n'kuchibwezera m'madzi yekha osauzidwa. Madzulo ake MaDube anabwera ndi duku wofiira wa ku Bulawayo, anagwada pakhomo, nati kwawo mkazi wamkulu akanangomusiya kuti adye chakupha.

"Inu ndinu mayi anga kuno, akulu. Popanda inu bwenzi nditafa kale."

NyaManda analandira dukuyo ndi manja awiri. Sanamuvale. Anamuika pansi pa mphasa, pamene amapondapo podzuka.

Mvula itayamba, nkhungu zinaombera kumtunda ndipo mudzi wonse unatuluka ndi malichero onyowetsa, kuwazunguza m'mwamba kuti tizilomboto timatirire. NyaManda anaumba mitanda yake, anaiphika m'masamba, natenga umodzi wakuda kwambiri kukamupatsa MaDube pamaso pa amayi onse kuti asanze anthu akuona. MaDube anaunyema, anatafuna nthawi yaitali, kenaka anapempha mchere. Anati kwawo amadya mphalabungu za m'mitengo ya tsanya ndipo azungu a ku hotela ankawaseka chimodzimodzi, ndiye sakuona chifukwa chonyozera ndiwo za eni ake. Amayi analuluta. Kuyambira tsiku limenelo a NyaLongwe anasiya kunena kuti MaDube, anayamba kumuitana NyaDube, ngati mwana wobadwira pamchenga pomwepo, ndipo mudzi unatsatira. NyaManda yekha ndi amene lilime lake linakana.

Chinatsala ndi bwato. NyaManda anadikira tsiku limene sitima inafika nyanja itakwiya pang'ono, osati yakupha, koma yokwanira kutembenuza m'mimba mwa mlendo. Anamuuza mokoma kuti mkazi wa pa Usisya ayenera kudziwa malonda a kusitima. Rodgers anayang'ana mafunde, anayang'ana mlongo wake, natola nkhafi. MaDube analowa atanyamula dengu lake, atalivundikira ndi nsalu yoyera ya patebulo imene Killion anabwera nayo kuchokera ku hotela.

Anasanzadi. Anasanza asanafike ndi pakati pomwe, atagwira m'mphepete mwa bwato zala zitauma, akuitana amayi ake m'chinenero chakwawo. NyaManda anamusisita pamsana, mtima uli mbee. Koma atafika pansi pa sitima, kumwambako kunali amuna ambiri obwerera ku migodi, ndipo mmodzi atamva kubuula kwa Chindebele anayankha. MaDube anatukula mutu. Anapukuta pakamwa, anatsuka m'manja m'nyanja anthu onse akuona, n'kuyamba kuwaseka amunawo m'chinenero cha kumigodi, iwo n'kumabweza, chiphokoso chili wowowo. Mmwenye wina wa sitolo amene NyaManda anali atamuona pasitimapo zaka zonsezo, amene nthawi zonse ankagwira mphuno n'kunena kuti chakudya cha m'mabwato ndi cha ntchentche, analoza dengu lovundikira lija nati akufuna nthochi za m'menemo. Ngakhale dona wina wa ku mishoni anasuzumira kuchokera m'chipinda cha pamwamba, nauza wantchito wake kuti uyo yekha ndiye waukhondo.

MaDube nsungwi analibe. Anabwereka ya NyaManda. Ndipo NyaManda anakhala m'bwatomo manja ali pamiyendo, akuona nsungwi yake, imene inasalala ndi thukuta la m'manja mwake, ikukweza chakudya cha mkazi wina. Utaka wa m'dengu lovundikiralo anawamba ndi iye yemwe, pamoto umodzi ndi wa m'dengu lake. Pobwerera dengu la MaDube linali lopepuka, lake lili chidzadzire, ntchentche zikulondola. Musamabwereke munthu chida chimene mumadyera, ngakhale akhale wogwada bwanji.

Nthawi yonseyi maso a NyaManda anali pa mkazi mnzake, n'chifukwa chake anachedwa kuona zimene zinkachitika pansi pa mtengo wa mango. Killion anafika ku Usisya akuimba za kwawo. Pa sitima paja anadya kondowole wa m'kadengu ali chiimire, misozi ili m'maso, ndipo masabata oyamba ankauza aliyense kuti ku Bulawayo kulibe nsomba, kuli mafupa okhaokha. Koma tsopano mbale ikabwera ankayamba wainunkhiza. Ankafunsa kuti chinangwachi chavuulidwa liti, wavuula ndani, anachitsina kodi. Anakumbukira za mzungu woyendera ukhondo amene ankabwera ku hotela kudzaona zikhadabo za ophika ndi kusuzumira m'miphika, nayamba kunena kuti munthu ameneyo atafika pa Usisya angatseke mudzi wonse. Madzi ankafuna owiritsa. Kusamba anasiya kupita kunyanja, ankatungiridwa m'beseni. Atatsegula m'mimba masiku angapo, monga amachitira aliyense nyengo ya mango, anaitana amayi ake n'kuyamba kugawa malaya ake. Anachira, koma kuyambira pamenepo ankangodya mpunga ndi tiyi, ndipo thupi lija la ku hotela linayamba kuthawa m'kolala.

NyaManda ankati ndi MaDube amene akumuphikira zoipa. Ankamuphikira yekha nsomba ya mafuta, n'kuipereka atagwada, mbale n'kubwerera yosakhudzidwa. Zinkamupweteka kwambiri akaona kuti mpunga wa kunyumba ya chitseko cha matabwa watha.

Amuna a kudoko nawo anali atayamba kuyankhula. Mwana wa Mhone, amene ali mnyamata ankamira n'kukawonjola ukonde pansi pa miyala, lero akuopa kunyowetsa nsapato. Tsiku lina sitima italira, Rodgers anaima pa mtengo wa mango paja nati katundu wa mchere wabwera, akufuna munthu womuthandiza kulandira.

"Tiyeni alamu, nsapatozo zivuleni. Nyanja sidziwa kuti munapita ku Bulawayo."

"Ndili ndi chifuwa," anatero Killion.

"Chifuwa chomwe chija cha mwezi watha? Akazi anu onse awiri akukwera, mmodzi mpaka wa kudziko lopanda madzi. Kapena tikubwerekeni duku?"

Anthu anaseka, ndipo Killion anavula nsapato. Anakhala pakati pa bwato, akazi ake wina kutsogolo wina kumbuyo. Kunali kowala bwino, nyanja ili ngati mafuta. Anali asanapite patali pamene kamphepo kanatembenuka, ndipo kamtambo ka nkhungu kamene kanali kakuyandama chakumpoto kanawakuta. Sikanali kamtambo koopsa. Mwana wa pa Usisya amangotseka pakamwa, kuweramitsa mutu, n'kudikira kuti kadutse. MaDube anachita zomwezo, anakoka nsalu kumaso monga anaphunzitsidwira. Koma Killion atamva tizilombo m'mphuno anakuwa, atakuwa anameza, atameza anaimirira. Munthu saimirira m'bwato. Kaya walumidwa ndi chiyani, kaya waona chiyani, khala pansi.

Bwato linagudubuka. Madengu, nsalu yoyera, nsungwi, zonse m'madzi. Killion ankaphiriphitha akukuwa kuti akufa, akutchula ng'ona, mpaka Rodgers anamugwira pakhosi pa malaya n'kumuuza kuti aponde pansi. Anaponda. Madzi anali a m'chiuno.

Kumtunda kunali mudzi wonse, pasitima anthu mazana, ndipo kuseka kwake kunamveka mpaka kuphiri. Ana anayamba kusewera za a Mhone tsiku lomwelo, wina kuimirira pa chigobo cha mtengo, anzake kumugwetsa. NyaManda potuluka m'madzimo anamva mwamuna wake akulavula n'kumanena yekha kuti asodzi awiri aja anafa chonchi, anafa chonchi. Anaima chilili, madzi akutsika m'nsalu. Nkhani ya asodziyo anainena kamodzi kokha, kuseri kwa mpanda, ndipo sankauza iyeyo.

Killion sanatulukenso m'nyumba mpaka mwezi unatha. Kenaka kunamveka kuti kunyumba ya chitseko cha matabwa akumanga bokosi ndi zingwe. NyaManda atamva anasiya mtondo. Anaganiza kuti mwina manyazi amugwira mkaziyo, mwina akangana, mwina Mulungu wamukumbukira. Anapita ngati wokabwereka moto. Anapeza MaDube akupinda malaya a Killion, zovala zake za iye mwini zili pachingwe pomwe zimakhala.

MaDube anamuuza yekha, maso ali ofiira. A Mhone akubwerera ku hotela. Anamuuza kuti apite limodzi, iye wakana. Anati ku Bulawayo ankakhala m'kachipinda kamodzi ka kuseri kwa nyumba ya eni, apolisi akumagogoda kufunsa chitupa, nkhuni zogula, ndiwo zogula. Kuno ali ndi munda, ali ndi malonda, ali ndi amayi awiri, ndiponso ali ndi pakati, ndipo akufuna mwanayo akabadwire pamene pali anthu odziwa kuchenjeza.

Pa zonsezo NyaManda anamva chimodzi chokha: Killion anapempha uyu kuti apite naye. Iye sanapemphedwe, ngakhale kuuzidwa kumene.

Anamupeza mwamuna wake kuseri kwa nyumba akupukuta nsapato. Anagwada patali pang'ono monga mwa ulemu, nayamba kunena kuti nyanja ndi yomweyi imene anabadwiramo, kuti a NyaLongwe akalamba ndi kondowole yemweyu, kuti iye wapalasa zaka zonsezi ndipo ali moyo. Mawu ankamulemera, pakuti pakamwa pake panazolowera kuopseza, kutonthoza sipankadziwa.

"Ada Mhone, kodi ife tafa? Tonsefe tili pano, tafa?"

Killion sanakweze mutu. "Banja la kutsidya lija linafa kapena silinafe?"

"Linafa."

"Bwato lija linakokedwa ndi sitima?"

"Linakokedwa. Komatu zimenezo n'zakale, ndiponso sizichitika tsiku lililonse."

"Simunanene choncho kuseri kwa mpanda, NyaManda. Ine ndinachoka kuno ndili mnyamata, zinthu zimenezi sindinkaziona. Mwanditsegula maso ndinu, ndipo ndikuthokoza. Mlamu wanu uyu mumusamale monga mwachitiramu."

Anati mlamu, ngati akuyankhula ndi mlongo wake, kenaka anadzikonza nati mng'ono wanu. NyaManda anatsegula pakamwa kuti anene chimene ankanenera zonse zija, ndi amene ankamunenera. Koma akanena, Killion akanadziwa mtima wake, a NyaLongwe akanadziwa, mudzi umene unkamutama kuti ndi mkazi wopanda nsanje ukanadziwa, ndipo mwamunayo akanapitabe. Anatseka pakamwa. Anapempha kuti amutenge iyeyo m'malo mwake, poti winayo wakana. Killion anaseka pang'ono, osati monyoza, nati ku Bulawayo akakachita chiyani munthu wosadziwa chinenero, ndiponso amayi angawasiyire ndani.

Tsiku la ulendo panalibe njira ina yofikira kusitima koma bwato lomwelo. Killion anakhala pansi penipeni, bokosi lili pakati pa miyendo, maso atatseka, ndipo Rodgers ulendo uno sanamuseke. Akazi onse awiri anakwera ndi madengu awo, pakuti sitima ikabwera malonda saima chifukwa cha maliro kapena ukwati. Amalinyero anamukoka Killion ndi manja mpaka anaponda pachitsulo. Atangoponda, msana wake unawongoka. Anavala chipewa, anakonza kolala, n'kubwera kudzasuzumira pamalo omwe anthu ogula amaima.

Kwa NyaManda ananena m'Chitonga kuti apereke moni kwa Chrissy ndipo asamale amayi. Kenaka anatembenukira kwa MaDube n'kuyamba Chindebele. Anayankhula nthawi yaitali, mawu otsika, dzanja lili pachifuwa. MaDube anayankha, iye anawonjezera, MaDube anaseka misozi ikutsika, n'kubisa nkhope m'nsalu. NyaManda ankayang'ana pakamwa pa uyu, pakamwa pa uyo, ngati galu woonerera anthu akudya. Lipenga linalira, Rodgers anakankha bwato msanga kuti achoke kumbuyo kwa sitima.

Rodgers anapalasa kulowera kumtunda. Madengu onse awiri anali odzaza, palibe anakumbukira kugulitsa.

"Amati chiyani?" anafunsa NyaManda.

MaDube anatola chikho n'kuyamba kukapa madzi a m'bwato. "Amati titsale bwino, akulu."

"Mawu onse aja?"

"Chindebele n'chachitali."

NyaManda anasendera kutsogolo kuti amuone bwino kumaso, bwato n'kupendekeka mpaka madzi analowa m'mphepete.

"Khalani pansi nonse awiri," anatero Rodgers. "Kumtunda n'kutali."